Kayambidwe ka geocaching kuno ku Mangochi, kuchokera pa foni mpaka pakhomo pa amfumu

Anthu akamva kuti ndimachita geocaching amafunsa zinthu ziwiri zomwezomwezo: kodi mumapezamo ndalama zingati, nanga kamakina kanuko kamaona golide wa pansi? Ndayankha pakamwa mokwanira, tsono ndalemba pano kuti wofuna kuyamba awerenge yekha. Ndalama mulibe, ndipo kamakinako sikaona kanthu kalikonse kapansi pa nthaka. Ntchito yake ndi imodzi, kukuuzani pamene mwaima pa dziko lapansi.

Masewerawa ali ngati chibisalirano, koma chobisala ndi kabokosi. Munthu amabisa kabokosi kapena kabotolo, kamene timati cache, muli kabuku kosainamo. Amalemba manambala a malowo pa Geocaching.com, ndipo wina aliyense angatenge manambalawo, kukasaka, kusaina, kubwezera pomwepo n'kulemba pa intaneti kuti wapeza. Zinayamba mu Meyi 2000. Kale boma la America linkasokoneza dala uthenga wa GPS (masetilaiti amene amathandiza makina kudziwa pamene ali) wa anthu wamba, moti makina ankaphonya ndi mamita ofika 100. Pa 2 Meyi anasiya kusokonezako, ndipo mawa lake Dave Ulmer anabisa ndowa pafupi ndi Beavercreek ku Oregon kuti aone ngati ena angaipeze. Anaipeza. Mu Seputembala chaka chomwecho Jeremy Irish anatsegula Geocaching.com, ndipo lero padziko lonse pali ma cache oposa mamiliyoni atatu.

Malangizo ambiri amene mudzawerenge analembera anthu a ku Ulaya ndi America, kumene munthu angasuzumire pansi pa benchi wina osamufunsa. Kuno si choncho, n'chifukwa chake ndachedwa kwambiri pa gawo 5 ndi gawo 9.

1. Tsegulani akaunti, muone mapu musanagule kalikonse

Akaunti wamba ndi yaulere. Sankhani dzina lamasewera lalifupi, poti mudzalilemba m'timabuku ting'onoting'ono. Kenako lembani Mangochi, Monkey Bay kapena Cape Maclear pa mapu. Musadabwe mukaona timadontho towerengeka. Ku Malawi ma cache ndi ochepa, ndipo ambiri anaikidwa ndi alendo kumalo okopa alendo. Tsegulani iliyonse muwerenge zimene osaka omaliza analemba. Ngati womaliza kuipeza anabwera zaka zapitazo, ndipo anthu angapo otsatira analemba kuti sanaipeze, musawonongerepo ndalama ya kabaza pa tsiku lanu loyamba.

2. Sankhani chipangizo

Foni ya Android imene muli nayoyo ndi yokwanira kuyambira. Mungaikemo pulogalamu ya Geocaching yeniyeniyo, kapena c:geo, imene ndi yaulere ndipo imalola kusunga mapu ndi ma cache mufoni momwemo. Pulogalamu yoyambayo imabisira ma cache ena anthu amene salipira, ndiye ngati mukuona ochepa kwambiri, yang'ananinso pa tsamba la intaneti.

Ambiri sadziwa kuti GPS sidya bandulo ndipo siyendera netiweki ya TNM kapena Airtel. Foni imangomvetsera masetilaiti amene ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo ikamva anayi kapena kuposerapo imawerengera yokha pamene muli. Chodya bandulo ndi mapu. Koperani zonse muli pa boma pomwe netiweki ili bwino, chifukwa m'mapiri a njira ya ku Cape Maclear imatha kusowa. Popanda netiweki foni imachedwa kupeza masetilaiti poyamba, ndiye imani poyera mphindi zingapo osayenda.

GPS ya m'manja, monga Garmin eTrex, ili ndi zabwino zake zoyenerana ndi kwathu kuno. Imayendera mabatire awiri a AA ogula pa okala iliyonse, imatha tsiku lathunthu, siopa mvula, ndipo galasi lake limaoneka bwino padzuwa. Foni ikatentha mu Okutobala galasi limada ndipo batire limatha msanga. Koma musagule musanadziwe ngati masewerawa mwawakonda. Mukaigula, mungalembemo manambala ndi manja kapena kukopera fayilo ya GPX, yosunga manambala a malo, kuchokera pa kompyuta. Dziwaninso kuti mitundu ina, monga eTrex 10 ndi 22x, ilibe kampasi ya mkati: muvi wake umaloza zoona pokhapokha mukuyenda. Mukaima umayamba kuzungulira, ndipo oyamba kumene amaganiza kuti makina awonongeka.

3. Lembani manambala molondola

Manambala a geocaching amaoneka chonchi: S 14° 28.500 E 035° 16.200. Awa ndangopereka chitsanzo cha dera la pa boma, musapite kukasakapo. S ikutanthauza kumwera kwa equator, E kum'mawa. Mangochi yense ali pa S ndi E. Mukalemba N m'malo mwa S, makina adzakulozerani ku Sudan, kufupi ndi Gedaref, makilomita oposa 3,000 kuchokera pano. Cholakwa chimenecho chimaoneka msanga. Zosautsa ndi ziwiri izi.

Choyamba ndi kalembedwe. Malo omwewo angalembedwe m'njira zitatu. Google Maps imakonda -14.475, 35.27. Makina ena amafuna madigiri, mphindi ndi masekondi. Mukatenga 28.500 n'kuilemba ngati mphindi 28 ndi masekondi 50, mwasuntha mamita oposa 600, ndipo mudzakhala mukufufuza m'munda wa munthu wosalakwa. Pa Garmin sankhani kalembedwe ka hddd°mm.mmm'.

Chachiwiri ndi datum, ndiye kuti muyezo wa dziko umene manambala akutsamira. Geocaching imagwiritsa WGS 84. Mapu akale a boma la Malawi anajambulidwa pa Arc 1950, ndipo GPS yogula kwa munthu amene ankayezera minda kapena nkhalango ingathe kukhala idakali pa muyezo umenewo. Kusiyana kwake kumaposa mamita 100. Lowani m'makonzedwe a makina muone musanachoke pakhomo.

Nambala yomaliza ija ya pa 28.500, ikasintha ndi imodzi, ndi mamita ochepera pang'ono awiri. Sungani zimenezi m'mutu, zidzakuthandizani pa gawo 6.

4. Werengani tsamba lonse, mulongedze

Cache iliyonse ili ndi nyenyezi za mitundu iwiri, kuyambira 1 mpaka 5: kuvuta kwa kuipeza, ndi kuvuta kwa njira. Njira ya nyenyezi 5 imafuna chida chapadera, kwathu kuno kawirikawiri bwato. Yambani ndi za 2 kutsika. Onaninso kukula: micro ndi kakang'ono kosaposa kabotolo ka mapiritsi, small ndi kolowa m'dzanja, regular ndi kabokosi konyamuliramo chakudya. Palinso mtundu wotchedwa EarthCache umene ulibe bokosi n'komwe. Mumapita pamalopo, kuyang'ana miyala kapena nthaka, n'kutumiza mayankho kwa mwini wake.

Tengani pensulo kapena cholembera chanu, madzi ambiri, chipewa, nsapato zotseka, kandodo ndi jumbo lotoleramo zinyalala. Nyamukani m'mawa. Ngati cache ili pa chilumba, monga Domwe kapena Thumbi, funsani asodzi za mphepo. Miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nyanja imasintha pakanthawi kochepa. Ngati ili m'kati mwa Lake Malawi National Park, lipirani pa geti ngati mlendo wina aliyense.

5. Perekani moni musanayambe kusaka

Malangizo akunja amati muzisaka mozemba, anthu osadziwa masewerawa asakuoneni. Kuno mukatsatira zimenezo mudzadziputira mlandu. Ganizani mmene mayi amene akuchokera kumjigo akukuonerani: munthu wosamudziwa, m'manja muli kamakina, akuzungulira mlambe kachitatu, akugwada, akupisa dzanja m'phanga, kenako akuyang'ana uku ndi uku ngati alipo akumuona. Adzaganiza kuti mukukwirira mankhwala, mukuyeza malo kuti muwalande, kapena mukufuna miyala ya mtengo wapatali. Sakulakwa kuganiza choncho. Tonse tikukumbukira 2017, pamene mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo zinaphetsa anthu amene anangowakayikira. Si nkhani yoseweretsa.

Chitani mosiyana ndi kuzemba. Mukafika pafupi, bwezani makina m'thumba, pitani pa nyumba kapena pa gulu la anthu amene ali pafupi, mupereke moni wathunthu. Madera ambiri kuno ndi a Ayao, ndipo moni wa Chiyao ngakhale umodzi umafewetsa nkhope. Nenani dzina lanu, kumene mwachokera, ndi chimene mwadzera, m'mawu osavuta: "Pepani bambo, pali masewera amene timabisirana kabotolo muli kapepala kosainapo. Wina anabisa chapompano, ndiye ndafuna ndikayang'ane. Mungathe kubwera kuti muone." Chiganizo chomalizacho ndicho chofunika koposa. Munthu amene waona ndi maso ake kuti m'botolo muli kapepala ndi pensulo sakhalanso ndi mantha, ndipo sabwera usiku kudzaliphwanya kuti aone za m'kati.

Akati kaye tikaonane ndi amfumu, pitani. Akakana, bwererani osatsutsana nawo, n'kulemba pa tsamba la cache ija zimene zachitika kuti mwini wake adziwe. Safunsa anadya phula.

Pali malo amene simulowa ngakhale muvi ukuloza komweko. Kumanda salowako popanda chilolezo cha amfumu. Nyengo ya jando ndi nsondo, makamaka pa tchuthi chachitali cha sukulu, musayandikire ndagala kapena simba. Mukaona zizindikiro m'njira kapena wina akakuuzani kuti uko sakupita, tembenukani. Pafupi ndi mzikiti Lachisanu masana si nthawi yozungulirazungulira. M'munda wobzala musadutse pakati, tsatani m'malire. Muvi wa GPS umaloza mowongoka ngati kuti kulibe mipanda, mabafa ndi zimbudzi za anthu, pamene njira yoyenera nthawi zambiri ndi yozungulira.

Ana adzakutsatani, zimenezo n'zosapeweka. Musawathamangitse, komanso musatulutse cache khumi a iwo akuyang'ana, chifukwa mawa kabokosiko kadzasanduka galimoto yoseweretsa. Pezani wamkulu mmodzi, mufotokozere iyeyo, ndipo iye adziwa chowauza.

6. Mamita khumi omaliza

Makina akanena kuti kwatsala mamita 10, ntchito yawo yatha. Poyera GPS yabwino imaphonya ndi mamita atatu mpaka asanu. Wobisa uja nayenso makina ake anaphonya chimodzimodzi, ndiye zolakwa ziwirizi zikaphatikizana, chinthucho chingathe kukhala paliponse m'bwalo la mamita 10 kuchokera pamene mwaima. Bwalo limenelo ndi malo oposa masikweya mita 300. Pakati pa miyala ikuluikulu ya ku Cape Maclear, Monkey Bay kapena phiri la Nkopola zimanyanya, chifukwa uthenga wa setilaiti umagunda mwala n'kubwerera, ndipo muvi umalumpha uku ndi uku. Pansi pa mitengo yowirira n'chimodzimodzi.

Musathamangitse ziro pa galasi. Bwererani poyera mamita 30, yendani molunjika kumene muvi ukuloza, muone pamene mzerewo ukudutsa. Chitaninso kuchokera mbali ina. Pamene mizere iwiriyo yakumana ndi pamene muyambire. Tsopano kwezani maso mudzifunse kuti, ndikanakhala ine ndikanabisa pati? Yang'anani chimene chaikidwa ndi dzanja la munthu: timiyala tosanjikizana pakamwa pa mng'alu, nkhuni zogona mbali imodzi, khungwa lotsamira pa tsinde.

Kukumba n'koletsedwa. Malamulo a masewerawa salola kukwirira cache, ndiye khasu lilibe ntchito. Osagwetsa miyala ya mpanda, osathyola nthambi. Ndipo dzanja lisatsogole. M'ming'alu ya miyala ndi m'mapanga a mlambe mumakhala zinkhanira, mavu, njuchi ndi njoka, ndipo mphiri sithawa munthu akamayandikira. Gogodani ndi kandodo, unikani ndi tochi ya foni, kenako pisani. M'mbali mwa Shire ndi ku Malombe musasake m'mabango, muli ng'ona ndi mvuu, ndipo palibe kabuku koyenera moyo wanu. Chitedze chikauma chimayabwa ngakhale mwangochikhudza ndi malaya.

Mukalephera, tsegulani hint, kachidziwitso kamene mwini wake anasiya. Pa tsamba kamaoneka ngati zilembo zosokonekera, koma pali batani lokamasulira.

7. Mwaipeza

Sunthani pang'ono musanatsegule. Sainani dzina ndi tsiku. Popanda kusaina simunapeze, ngakhale mwaiona ndi maso. Ngati muli tizinthu tosinthana, monga timikanda kapena tizidole, mungatenge kamodzi mutasiya kofanana nako kapena koposa. Osasiyamo maswiti, mtedza, sopo kapena chilichonse chonunkhira. Anyani ndi apusi a kuno amadziwa kutsegula zivundikiro, ndipo nyerere zimamaliza zotsala. Machesi, mipeni ndi mankhwala n'zoletsedwa.

Mukapeza kachitsulo kapena kandalama kolembedwa nambala yakeyake, kameneko ndi Travel Bug kapena geocoin. Si mphatso. Kali ndi mwini wake amene akukatsatira pa intaneti pamene kakuyenda kuchoka mu cache ina kupita mu ina. Katengeni pokhapokha mukudziwa kuti posachedwa mukasiya kwina, ndipo nambala yakeyo musaijambule n'kuiika poyera.

Tsekani bwino, bwezerani pamalo pomwepo ndi mmene munapezera. Musasunthire pamene inu mukuona kuti m'pabwino.

8. Lembani zimene mwaona

Mwini cache salipidwa. Malipiro ake ndi mawu anu. Ambiri amangolemba TFTC, chidule cha kuthokoza, n'kumapita. Ine ndimaona kuti munthu amene anakwera phiri kukakubisirani chinthu ayenera kulandira ziganizo zitatu: mmene njira inalili, amene munakumana nawo, ndi mmene kabuku kalili. Mungalembe Chichewa, kuwonjezera mzere umodzi wa Chingerezi kumathandiza alendo odzabwera pambuyo.

Musaulule pobisika, kaya m'mawu kaya pa chithunzi. Jambulani nyanja, osati mng'alu. Nkhope za anthu a m'mudzi, makamaka ana, musaziike popanda chilolezo.

Mukalephera kuipeza lembani DNF, kutanthauza kuti munasaka osapeza. Palibe manyazi, ndipo kumene osaka ndi ochepa ngati kuno, DNF yanu mwina ndiyo nkhani yokhayo imene mwini wake adzamve chaka chonse. Nenani kuti munasaka kwa nthawi yotani, koma musagamule kuti yabedwa. Musaike kabotolo kanu m'malo mwa kamene mwalephera kukapeza n'kulemba kuti mwapeza. Pamakhala mabotolo awiri pamalo amodzi ndipo aliyense amasokonezeka. Kabuku kakanyowa kapena chivundikiro chikasweka, pali mtundu wa uthenga wodziwitsa mwini wake. Lembani mwaulemu. Ngati pali vuto lalikulu, monga eni malo sakufuna cache pamenepo, dziwitsani reviewer, munthu wongodzipereka amene amavomereza ma cache a dera lathu.

9. Kubisa yanu

Eni masewerawa amalangiza kuti mupeze ma cache 20 musanabise yanu. Kuno n'kovuta kufikitsa, koma pezaniko angapo kuti muone chimene chimapirira ndi chimene chimawola. Masewerawa adzakula ku Mangochi pokhapokha ife okhala konkuno titayamba kubisa, chifukwa cache ya mlendo amene anabwerera kwawo ilibe woisamalira.

Yambani ndi chifukwa. Mukufuna kuwaonetsa chiyani anthu? Malo tili nawo: nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, Mwala wa Mphini panjira ya ku Chembe, manda a amishoni a Livingstonia yoyamba ya 1875 ku Cape Maclear, mabwinja a Fort Mangochi m'mapiri a ku Namwera, poonera nyanja pamtunda wa Malindi. Koma pa chipilala kapena pa malo otetezedwa penipenipo musaikepo bokosi. Mungathe kupanga cache ya magawo awiri: munthu awerenge chaka kapena mawu olembedwa pamalopo, zimenezo zimupatse manambala a kabokosi kamene kali kwina kololedwa.

Chilolezo ndi lamulo la masewerawa, ndipo kuno ndi chimene chimasunga cache. Malo a mudzi, pitani kwa nyakwawa, makamaka limodzi ndi munthu wa m'mudzimo amene akukudziwani. Tengani kabokosiko, katseguleni pamaso pawo, aone chilichonse. Auzeni zoona: kuti kudzabwera alendo apo ndi apo, ena azungu, kuti sadzakumba kapena kuyeza malo, ndiponso kuti simukulonjeza ndalama kapena chitukuko. Mfundo yomalizayi inenedwe momveka, chifukwa chiyembekezo chikapanda kukwaniritsidwa mkwiyo umagwera osaka amene sakudziwa kanthu. Mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, funsani a dipatimenti ya mapaki ndi nyama zakutchire. M'nkhalango ya boma funsani a zankhalango. Pa loji funsani mwini wake, koma tsamba la cache lisakhale lotsatsa malonda, reviewer adzalikana. Pemphaninso munthu wa pafupi, kaya mlonda kaya wa pa okala, kuti aziyang'anira, ndipo lembani pa tsamba kuti osaka ayambe apereka moni kwa ndani, osatchula dzina lake ngati iye sanavomere.

Cache yatsopano iyenera kutalikirana ndi inzake mamita 161 kapena kuposa. Pewani pafupi ndi sukulu, polisi, doko la Monkey Bay ndi malo a asilikali, komanso pansi pa milatho.

Kabokosi kakhale ka pulasitiki wolimba kotseka ndi mphira. Botolo la chiponde limaoneka labwino, koma fungo silitha ngakhale mutsuke motani, ndipo makoswe adzalibowola. Chitini chimachita dzimbiri, katoni ndi thabwa ndi chakudya cha chiswe. Kunja lembani kuti ndi geocache, ndipo m'kati muike kapepala kofotokoza masewerawa m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chingerezi, kuti wopeza mwangozi awerenge m'chinenero chake. Kabuku kakhale m'kajumbo kakekake, ndi pensulo, poti inki imauma ndi kutentha. Bisani pamthunzi ndi pokwera. Dzuwa limaphwanyitsa pulasitiki, moto wolusa wa chilimwe umasungunula zonse za mu udzu, ndipo nyanja imakwera: mu 2024 madzi analowa m'malo ambiri a m'mphepete mwa nyanja amene kale anali mchenga wouma.

Poyeza manambala musafulumire. Imani pamalopo mphindi zingapo, sungani manambala, chokani, bwererani kuchokera mbali ina, sunganinso. Garmin ili ndi njira yophatikiza miyezo yambiri kukhala umodzi. Bweraninso tsiku lina nthawi yosiyana, chifukwa masetilaiti amakhala atasuntha. Musatenge manambala pongodina pa Google Maps. Pomaliza patsani mnzanu amene sanaone pobisikapo, akayese. Akaipeza osakuimbirani, tumizani tsamba kwa reviewer, mumufotokozere amene anakupatsani chilolezo ndi mmene mwabisira.

Ikavomerezedwa ndi yanu kuisamala. Kaioneni mvula ikatha cha mu Epulo, komanso moto wa chilimwe ukadutsa, ndiponso nthawi iliyonse wina akalemba kuti pali vuto. Mukamasamuka ku Mangochi, ipatseni mnzanu wa masewerawa kudzera pa tsamba lomwelo, apo ayi kachotseni kabokosiko, mutseke tsamba lake, ndipo mukatsanzike kwa amfumu amene anakulolani.